Kodi kumwa madzi ambiri kumatsuka impso?

Mayi wa ana atatu: Moni nonse pa gulu pano. Pali uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp wonena kuti munthu akadzuka m'mawa azimwa madzi malita 4 nthawi imodzi asanadye kanthu, kuti impso zitsukike. Akuti zoipa zonse zimene zinakanirira m'kati zimatuluka. Ndisanawauze ana anga kuti ayambe, ndati ndifunse kaye kwa inu odziwa. Impso zimatsukidwadi ndi madzi?

Dalaivala wa mathiraki: Nanenso ndinauona amayi. Ine ndikuona ngati ndi zoona, chifukwa ndikamwa madzi ambiri mkodzo umayera mbee, ndikapanda kumwa umakhala wachikasu kwambiri. Si ndiye kuti zoipa zatha pamenepo?

Namwino: Amayi, mwachita bwino kufunsa. Chonde anawo asayerekeze, ngakhale inu amene. Malita 4 nthawi imodzi angathe kumugwetsa munthu wamkulu wabwinobwino, nanji mwana. Ndili pa ntchito, ndilemba bwino ndikapeza mpata. Aphunzitsi, ngati mulipo tayambani ndinu kufotokoza mmene impso zimasefera magazi.

Mphunzitsi wa sayansi: Ndilipo anesi. Ndiyambira patali pang'ono, chifukwa munthu akamvetsa ntchito ya impso, mauthenga ngati amenewa amawazindikira yekha.

Impso zili ziwiri, kumbuyo kwa mimba, mbali iyi ndi iyi ya fupa la msana, cha pa nthiti zomalizira. Iliyonse ndi yotalika masentimita 10 mpaka 12 ndipo imalemera magalamu pafupifupi 150. Ya kumanja imakhala m'munsiko pang'ono chifukwa pamwamba pake pali chiwindi. Ndi ziwalo zazing'ono, koma pa magazi onse amene mtima umapopa, gawo limodzi mwa magawo asanu limapita kumeneko. Mphindi iliyonse magazi oposa lita imodzi amadutsa mu impso.

M'kati mwa impso iliyonse muli tosefera pafupifupi 1 miliyoni totchedwa nephron. Kalikonse kamayamba ndi kamfundo ka timitsempha ta magazi tosaoneka ndi maso, dzina lake glomerulus, ndipo kuchokera pamenepo pamayenda kachubu kakatali kopindikapindika. Magazi amalowa m'kamfundo kaja ndi mphamvu, ndiye madzi amafinyika n'kudutsa m'makoma a timitsemphato. Amadutsa pamodzi ndi chilichonse chaching'ono: mchere, shuga, potaziyamu, komanso zotayidwa monga urea ndi creatinine. Zimene zimatsalira m'magazi ndi zazikulu zokha, maselo a magazi ndi mapuloteni.

Tsono tamvani izi. Madzi amene amafinyidwa chonchi pa tsiku ndi malita pafupifupi 180. Koma munthu amakodza lita imodzi kapena awiri basi. Ena onsewo, 99 pa 100 alionse, amabwerera m'magazi pamene akuyenda m'kachubu kaja.

Dalaivala wa mathiraki: 180? Aphunzitsi, madzi amenewo munthu akuwatenga kuti? Thupi lonse silingafike pamenepo.

Mphunzitsi wa sayansi: Ndi madzi omwewomwewo achimwene, amangozungulira. Mbali ya madzi ya magazi athu ndi malita ngati 3 okha, koma imasefedwa maulendo pafupifupi 60 pa tsiku.

Anthu ambiri amaganiza kuti impso zimatola zoipa m'magazi n'kuzitaya. Si mmene zilili. Zimachita ngati munthu amene akukonza m'nyumba, watulutsa katundu yense panja, wabwino ndi woipa yemwe, kenaka akulowetsanso chimodzichimodzi chimene akuchifuna. Chimene chatsala panja ndiye mkodzo. Ine njira imeneyi imandigometsa, chifukwa impso sizifunika kudziwa poizoni aliyense wa pa dziko lapansi. Zimangofunika kudziwa zimene thupi likufuna kusunga. Chachilendo chikalowa m'magazi, bola chikhale chaching'ono ndipo palibe chochibweza, chimatuluka chokha.

Ndiye mulibe litsiro lokhala mu impso kudikira tsiku loti wina alitsuke. Kusefa kukuchitika usana ndi usiku, mwamwa madzi ambiri kapena okwanira chabe.

Wophunzira udokotala: Ndiwonjezereko pa kachubuko aphunzitsi, chifukwa ntchito yaikulu ili mmenemo. Chigawo choyamba, chimene chili pafupi ndi glomerulus, chimabweza madzi ndi mchere pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndiponso shuga yense. Munthu wabwinobwino mkodzo wake sukhala ndi shuga ayi.

Kenaka kachubu kamatsika m'katikati mwa impso n'kukhota kubwereranso m'mwamba. Kukhota kumeneku anakufotokoza ndi Jakob Henle wa ku Germany mu 1862, ndipo mpaka lero kumatchedwa ndi dzina lake. Mbali yotsika imalola madzi kutuluka koma mchere ayi, mbali yokwera imatulutsa mchere koma madzi ayi. Zotsatira zake, m'katikati mwa impso mumadzaza mchere ndi urea mpaka kuposa m'magazi kanayi. Mchere umenewo ndi umene umakoka madzi pa chigawo chomaliza, thupi likafuna kuwasunga. Pali khoswe wina wa m'zipululu za ku America, kangaroo rat, amene impso zake zimasunga madzi kwambiri moti amatha kukhala osamwa n'komwe, amangodalira a m'zakudya zake.

Gogo wa shuga: Mwana wanga, pa shugapo wandikhudza. Asanandipeze ndi matendawa ndinkadzuka usiku wonse kukataya madzi, ludzu losatha, kukamwa gwaa. Nanga zimagwirizana bwanji?

Wophunzira udokotala: Zimagwirizana kwambiri agogo. Kachubu kali ndi malire a shuga amene kangabweze. Shuga wa m'magazi akapitirira 10 pa kamakina koyezera kaja, kapena 180 pa makina amene amawerenga mwa mtundu winawo, kachubu kamalephera kumubweza yense. Wotsalayo amapitirira ndi mkodzo, ndipo popita amakoka madzi. N'chifukwa chake mumakodza kwambiri, thupi n'kuuma, ludzu n'kubwera. Ludzulo silinali chiyambi cha vuto, linkangotsatira madzi amene ankatayika.

Gogo wa shuga: Zikomo mwana wanga, zamveka. Chiyambireni mankhwala tulo ndimagona ndithu.

Namwino: Ndapeza mpata. Zikomo aphunzitsi ndi adokotala athu a mawa. Ine ndilankhule za madzi.

Amene amalamula kuti madzi atuluke angati si impso zokha, ndi ubongo. M'munsi mwa ubongo muli malo otchedwa hypothalamus, amene nthawi zonse amayeza ngati magazi achuluka mchere kapena asungunuka. Kusintha kwa 1 kapena 2 pa 100 kokha amakumva. Mukatuluka thukuta kapena mukakhala osamwa, magazi amachuluka mchere, ndiye ubongo umachita zinthu ziwiri. Umakupatsani ludzu, komanso umatumiza homoni yotchedwa ADH kudzera m'kachiwalo kotchedwa pituitary. ADH ikafika ku impso imatsegula tizipata ta madzi pa chigawo chomaliza cha kachubu. Madzi amadutsa pa tizipatato kubwerera m'magazi, akukokedwa ndi mchere umene wanena mnzathuyu. Mkodzo umachepa, umada, umanunkha. Mukamwa madzi ambiri ADH imatsika, tizipata timatsekeka, madzi amangopitirira mpaka m'chikhodzodzo. Tizipata timeneti timatchedwa aquaporin, ndipo Peter Agre amene anatitulukira analandira mphotho ya Nobel mu 2003.

Ndiye achimwene a mathiraki, mkodzo ukayera mbee si kuti impso zayera. Zotayidwa zake ndi zomwezo, zangosungunuka m'madzi ambiri. Chikasu chija chimachokera ku maselo ofiira a magazi amene atha ntchito n'kuphwanyidwa, ndipo chimatuluka tsiku lililonse. Mkodzo wachikasu chotuwirako ndiye wabwino. Ukada kwambiri, thupi likukupemphani madzi. Ukamayera ngati madzi a pa mpopi tsiku lonse, mwina mukumwa opitirira.

Tsopano malita 4 aja. Impso za munthu wamkulu wathanzi zimatha kutaya madzi osapitirira lita imodzi pa ola. Mukathira anayi nthawi imodzi, otsalawo amakhala m'magazi n'kusungunula sodiyamu, mchere wa m'magazi uja. Mlingo wake woyenera ndi 135 mpaka 145. Akatsika kwambiri madzi amalowa m'maselo, maselo amatupa. Kwina konse kutupa kuli ndi kopita, koma ubongo uli m'chigaza, ulibe kofutukukira. Munthu amayamba ndi mutu, nseru, kusanza, kenaka kusokonezeka, kukomoka, ndipo ena amafa. Sindikuopseza, ndi matenda odziwika, dzina lake hyponatremia.

Mayi wa ana atatu: Mayo ine. Zikomo anesi. Uthengawu ndaufufuta, ndipo amene ananditumizira ndiwauza.

Wothamanga mitunda: Zimene akunena anesizi ife othamanga timachenjezedwa nazo. Pa mipikisano ya makilomita 42 anthu ena amakomoka osati chifukwa chosowa madzi, koma chifukwa chomwa pa malo alionse opatsirapo madzi ngakhale alibe ludzu. Choopsa n'chakuti anzake akaona wagwa amaganiza kuti wauma, n'kumumwetsanso ena. Masiku ano aphunzitsi a masewera ambiri amati imwani mukamva ludzu, ndipo ngati mwamaliza mpikisano mukulemera kuposa mmene munayambira, ndiye kuti mwamwa opitirira.

Mmisiri wa zomanga: Koma anesi, pepani nditsutseko. Ine anandipeza ndi miyala mu impso, ululu wake sindingaufunire munthu. Adokotala anandiuza okha kuti ndizimwa madzi ambiri. Ndiye mukati madzi sathandiza impso, ndimvere ndani?

Namwino: Mverani adokotala anu achimwene, ndipo ine sindikutsutsana nawo. Sindinanene kuti madzi sathandiza. Miyala imapangika mkodzo ukakhala wochepa ndi wokhuthala, moti mchere wa m'menemo umaundana. Amene anadwalapo miyala amauzidwa kuti azimwa mokwanira kuti mkodzo uzifika malita 2 kapena kuposerako pa tsiku. Koma madziwo ndi omwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka usiku, makamaka inu amene mumagwira ntchito pa dzuwa. Kumwa onse m'mawa sikukutetezani, chifukwa pofika masana atuluka kale ndipo mkodzo wadanso.

Kusowa madzi nakonso kumapha impso, ndipo kumeneko ndiye timakuona kawirikawiri. Mwana akatsekula m'mimba ndi kusanza, magazi amachepa, opita ku impso amachepanso, kusefa kumaima. Thupi limafunika mkodzo wosachepera theka la lita pa tsiku kwa munthu wamkulu kuti zotayidwa zituluke. Mwana wodwala akatha maola ambiri thewera lili louma, maso alowa, musadikire kuche. Mupatseni ORS muli pa ulendo wa ku chipatala. Impso zoima chifukwa cha kuuma zimadzukanso munthu akalandira madzi msanga, koma mukachedwa zina sizibwerera mwakale.

Mmisiri wa zomanga: Apo ndamva. Vuto langa ndi lomwelo, ndimamwa kwambiri m'mawa ndi usiku, masana pa ntchito ndimaiwala.

Mnyamata wa pa koleji: Funso langa ndi la mowa. Bwanji munthu akamwa mowa amapita kuchimbudzi pafupipafupi, koma m'mawa n'kudzuka ndi ludzu loopsa? Si madzi omwewo wamwa?

Wophunzira udokotala: Mowa umatsekereza ADH ase. Ubongo sutumiza uthenga woti madzi asungidwe, ndiye impso zimangotaya ngakhale thupi likuwafuna. Ukamwa wamphamvu umataya ambiri kuposa amene walowetsa. Ludzu la m'mawa ndi mutu uja mbali ina zimachokera pamenepo.

Pali matenda enanso amene ADH imasowa kapena impso siziimva, diabetes insipidus. Dzina likufanana ndi la shuga koma shuga mulibemo. Wodwala kwambiri amatha kukodza malita oposa 10 pa tsiku. Pamenepo ndi pamene munthu umaona kuti kahomoni kamodzi kakugwira madzi ochuluka bwanji.

Usiku ADH imakwera yokha, n'chifukwa chake timagona maola ambiri osadzuka. Ana ena okodza pogona ndi oti kukwera kumeneku sikunakhazikike mwa iwo. Si ulesi, si mwano, ndipo kuwamenya sikusintha kanthu.

Mayi wa ana atatu: Mawu amenewo makolo ambiri akanawamva.

Mphunzitsi wa sayansi: Ana a sukulu amakonda kundifunsa chifukwa chimene munthu wosochera pa nyanja ya mchere amafera ludzu ali pakati pa madzi. Yankho lili pomwepa. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu ali ndi mchere magalamu pafupifupi 35 pa lita, woposa umene impso zingathe kuunjika mu mkodzo. Kuti zitaye mchere wa kapu imodzi zimafunika madzi oposa kapu imodzi, ndipo owonjezerawo zimawatenga m'thupi mwa munthuyo.

Bambo wa BP: Anesi, ine ndili pa mankhwala a BP. Kambewu kena kamandikodzetsa kwambiri m'mawa. Mnzanga wina akuti ndisiye, akuti mankhwalawa ndi amene amawononga impso. Ndakhala ndikuganizaganiza.

Namwino: Bambo, chonde musasiye. Nkhani imeneyi imandipweteka mtima chifukwa ambiri amene ndimawasamalira anafika pamenepo atamvera mnzawo.

Impso ndi BP n'zolumikizana. Magazi opita ku impso akachepa, impso zimatulutsa renin, amene amayambitsa mndandanda wa mahomoni ofinya mitsempha ndi kusunga mchere. Mchere ukasungidwa madzi amautsatira, magazi amachuluka, BP imakwera. Mankhwala okodzetsa, monga hydrochlorothiazide kapena furosemide, amaletsa kachubu kubweza mchere wina, madzi n'kutuluka nawo. Kukodza kumene mukuonako ndiye kugwira ntchito kwake. Ena monga enalapril amachepetsa mphamvu ya magazi m'kamfundo kosefera kaja, moti kwa anthu a shuga amateteza impso. Kungoti adokotala amafuna kuyeza magazi nthawi ndi nthawi kuti aone creatinine ndi potaziyamu.

Chimene chimawononga impso ndi BP yosasamalidwa ndi shuga wosasamalidwa. Ziwirizi ndi zimene zili patsogolo pa dziko lonse. Timitsempha ta mu glomerulus ndi tofewa zedi. Tikamamenyedwa ndi magazi amphamvu chaka ndi chaka timabooka, mapuloteni amayamba kudontha mu mkodzo, kenaka timauma n'kufa. Nephron ikafa siimeranso. Zotsala zimasenza ntchito ya zinzake, n'chifukwa chake munthu angathe kutaya theka la mphamvu ya impso osamva kalikonse. Pofika potupa mapazi ndi nkhope, kufooka, kuyabwa thupi, kusowa chilakolako cha chakudya, zinthu zimakhala zitapita patali. Magazi amachepanso, chifukwa impso ndi zimene zimatulutsa erythropoietin, homoni youza mafupa kuti apange maselo ofiira.

Ndikuuzeni zimene ndimaona. Wodwala wa dayalisisi, amene impso zake zinalephera ndipo magazi ake amasefedwa ndi makina, akafika, choyamba ndi sikelo. Timayerekeza ndi mmene analemerera pochoka ulendo watha, ndipo makilogalamu awiri kapena atatu amene awonjezekawo si kunenepa, ndi madzi amene alibe potulukira. Timamubaya masingano awiri pa mkono, magazi amayenda m'machubu kupita m'makina n'kubwerera, maola anayi, katatu pa sabata. Pa tebulo pake pamakhala kabotolo kolembedwa mzere, madzi a tsiku lonse ndi amenewo. Kunja kukutentha, iye akungonyowetsa milomo, akuwerengera kuti ndikamwa pano usiku ndimezera chiyani mankhwala. Akapitiriza muyezo madzi amakwera m'mapapo, usiku amagona chokhala chifukwa akagona chagada amabanika. Makinawo ndi dalitso lalikulu, chiyambire pamene Willem Kolff wa ku Netherlands anapanga oyamba mu 1943 apulumutsa anthu osawerengeka. Koma amachita maola 12 pa sabata ntchito imene impso zimachita maola 168.

Ndiye bambo, kambewu kanu kokodzetsako muzikamwa m'mawa monga anakuuzani. Ngati kakukuvutani kapena mukumva chizungulire, kauzeni adokotala asinthe muyezo. Mcherenso chepetsani. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kuwerengera ndi wobisika m'zakudya za m'mapaketi.

Bambo wa BP: Ndamva amayi. Sindisiya. Mnzangayo ndimuonetsa zimene mwalembazi, nayenso ali pa mankhwala omwewa.

Dalaivala wa mathiraki: Anesi, mwandichititsa mantha, ndiye ndinene zanga. Pa ulendo wautali ndimapewa kumwa madzi kuti ndisamaimeime. Msana ukayamba kuwawa ndimamwa ibuprofen kapena diclofenac, nthawi zina masiku otsatizana. Msanawo ndi impso kapena?

Namwino: Achimwene, msana wa dalaivala kawirikawiri ndi minofu ndi mafupa chifukwa chokhalitsa pa mpando. Matenda a impso a pang'onopang'ono sapweteka. Zimene zimapweteka ndi miyala, kapena tizilombo tikakwera kuchokera m'chikhodzodzo, ndipo apo pamakhala kutentha thupi, kuzizidwa, ululu cha m'nthiti mbali imodzi.

Koma zimene mukuchitazo ndiye zikundidetsa nkhawa. Thupi likauma, impso zimadziteteza potulutsa timadzi totchedwa prostaglandin, timene timatsegula kamtsempha kolowetsa magazi mu glomerulus. Ibuprofen ndi diclofenac amachotsa ululu poletsa timadzi tomweto. Ndiye mwauma kale, magazi ndi ochepa, kenaka mwatsekanso njira yomwe impso zimadzipulumutsira. Munthu wathanzi womwa madzi bwino akamwa kamodzikamodzi sipakhala vuto. Koma wouma, wa BP, wa shuga, wachikulire, kapena amene ali pa mankhwala okodzetsa, akhoza kuvulaza impso pa masiku ochepa. Khalani ndi botolo pafupi, muzimwa pang'onopang'ono, muziima. Kuimako kuthandizanso msanawo. Ululu ukapitirira mukaonane ndi adokotala akupatseni mankhwala oyenera inuyo.

Wophunzira udokotala: Ndi mankhwala osadziwika zosakaniza zake amene amagulitsidwa kuti ndi otsuka impso, nawonso tisamale nawo. Pali chomera cha mtundu wa Aristolochia chimene chinawononga impso za amayi ambiri ku Belgium m'zaka za m'ma 1990, chitalowa m'mankhwala ochepetsa thupi. Zambiri zimene wameza zikalowa m'magazi zimakadutsa mu impso, ndipo chifukwa impsozo zimachotsa madzi n'kusiya zinazo, poizoni amakhala wamphamvu kwambiri m'timachubu momwemo.

Gogo wa shuga: Nanga ife odwala kale tingadziwe bwanji kuti impso zikadali bwino, poti mukuti sizipweteka?

Namwino: Kuyezetsa agogo, njira ina palibe. Zoyeza zake ndi ziwiri. Choyamba ndi magazi, amayeza creatinine n'kuwerengera nambala yotchedwa eGFR, imene imasonyeza kuti impso zikusefa mamililita angati pa mphindi. Wachinyamata wathanzi imakhala 90 kapena kuposa. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu ndiye kuti pali matenda a impso okhalitsa, ikatsika pansi pa 15 ndi pamene timayamba kukamba za dayalisisi kapena kuika impso ina. Chachiwiri ndi mkodzo, amafufuza puloteni yotchedwa albumin. Imeneyi imaoneka msanga, nthawi zambiri creatinine asanasinthe n'komwe, ndiye musalole kuti akuyezeni magazi okha. Inu a shuga ndi a BP, kamodzi pa chaka. Mukaona mkodzo ukuchita thovu losaphwa msanga masiku angapo, kapena muli magazi, musadikire chaka chikwane.

Dalaivala wa mathiraki: Ine sindinayezetsepo n'kamodzi komwe, BP yomwe sindiidziwa. Popita kumeneko ndipite osadya?

Namwino: Za creatinine ndi mkodzo sizifuna kusala kudya, pokhapokha akakuuzani kuti ayezanso shuga. Kungoti dzulo lake musadye nyama yambiri kapena kunyamula zolemera kwambiri, chifukwa creatinine amachokera ku minofu ndipo angakwere pang'ono n'kusokoneza zotsatira. Imwani madzi monga mwa masiku onse. Mutenge mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, a msana aja ndi ena alionse, mukawaonetse adokotala, ndipo muwauze kuti mumamwa kangati pa sabata.